Aphunzitsi a Kaitano ndi Wailesi ya Lezala

A Kaitano Bauleni ndinaphunzitsa nawo pasukulu ya m'komboni ya mgodi wina wa golide kufupi ndi Bindura, kuyambira mu 1949. Iwo anali ndi Sitandade 3 ndi 4. Ine Ndaziona ndinali ndi tiana toyamba kumene, komanso ndinkaphunzitsa atsikana kusoka. Sukuluyo inali nyumba imodzi yaitali ya malata, ndipo chimene chinkalekanitsa kalasi yanga ndi yawo chinali mphasa ziwiri zokoleka pamtanda. Choncho chilichonse chimene a Kaitano ankaphunzitsa ndinkachimva, chofuna ndi chosafuna chomwe.

Kwawo kunali ku Dedza. Kuno anafika mu 1936, wapansi kudzera ku Tete, monga ankabwerera anyamata ambiri masiku amenewo. Anali munthu wamfupi, woonda, wa maso ofooka. Kapitawo wolemba anthu ntchito atawayang'ana anati munthu wotere akatsika kumgodi, fosholo ndi imene idzamunyamule. Ndiye anawapereka kwa mzungu wa zamagetsi kuti azimunyamulira makwerero. Mzunguyo anthu anamutcha Kaliwo, chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake.

Ananyamula makwerero zaka zingapo osagwirako waya. Akaloza chinthu n'kufunsa m'Chilapalapa, chilankhulo cha pamgodi chija, kuti "Ini lo, bwana?", Kaliwo ankayankha chimodzimodzi: "Yena bulala wena." Ndiye kuti, ichi chikupha. Akaloza swichi, chikupha. Akaloza babu, chikupha. Tsiku lina analoza kabokosi kachitsulo kamene mzunguyo ankayenda nako, n'kuuzidwa kuti nakonso kawapha, koma nthawi ya nkhomaliro anaona mukutuluka buledi ndi mazira owiritsa.

Kuyambira pamenepo anayamba kukayika. Anaganiza kuti ngati mzungu wanama pa buledi, mwina wanamanso pa waya. Kaliwo atatembenuka kuti ayatse fodya, a Kaitano anakwera makwerero n'kukhudza waya ndi chala. Magetsi anawaponya chagada, n'kukagwera mumgolo wa njereza imene anyamata ankapaka khoma. Anatulukamo ali mbuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anzawo atatsimikiza kuti ali moyo anaseka mpaka kukhala pansi. Wina anati, "Tsopano mwayera, achimwene. Pitani ku ofesi akakulembeni ntchito ya magetsi." Pajatu masiku amenewo ntchitoyo inali ya azungu okha. Munthu wakuda ankathera pa makwerero.

Anachira, ngakhale chala chija chinakhala chopindika moyo wawo wonse. Koma mantha amene Kaliwo ankafuna kuwapatsa sanawagwire. "Chinthu choponya munthu chonchija, koma chosaoneka ndi maso," ankatero, "ndiyenera kudziwa kuti n'chiyani." Mpingo utafuna mphunzitsi wa ana a m'komboni unasankha iwo, chifukwa kumudzi anali atafika Sitandade 5 kumishoni. Anasiya makwerero, anagula magalasi ndi tayi, n'kukwatira mayi Eliness, mwana wa wophika wa kwa manijala wa mgodi.

Nkhani ya wailesi inabwera ndi a Petulo. Iwowa anali mlonda wa pasitolo ya mgodi, ndipo anamenyako nkhondo ku Bama ali m'gulu la asilikali lotchedwa Keyala. Nkhani anali nazo zambiri. Ankati kumeneko kuli misundu yaikulu ngati mkono wa munthu, ndiponso kuti mvula inawagwera chaka chathunthu mpaka nsapato zawo zinamera bowa umene anaphika n'kudya. Tinkawamvera poti ankasimba bwino, koma palibe ankakhulupirira. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anati anaona ndi maso awo wailesi yopangidwa ndi lezala, mtima wa pensulo, pini ya thewera ndi waya wokulungiza pansungwi. Yopanda batire, yopanda magetsi, koma ikulankhula.

Anthu anaseka. Pamgodi ponse wailesi inali imodzi, m'nyumba ya manijala, yaikulu ngati kabati, ndipo tinkaidziwa kudzera mwa bambo ake a mayi Eliness amene ankaipukuta fumbi. A Kaitano okha ndi amene sanaseke.

"A Petulo, mwati lezala?"

"Lezala, aphunzitsi. Lometera ndevu."

"Nanga pensuloyo ankaiika pati?"

"Aa, zimenezo musandifunse. Ankamanga anali Mmwenye wa gulu la mauthenga. Ine ntchito yanga inali kukwera mumtengo ndi waya."

Masiku amenewo Lachisanu masana ana ankayenera kuphunzira ntchito zamanja. Anyamata ankasema mipini ndi mithiko, atsikana ankabwera kwa ine. A Kaitano anapita kwa ahedi athu, a Staford, munthu wamkulu thupi amene ankavala chipewa ngakhale m'kalasi, kukawauza kuti chaka chimenecho kalasi yawo ipanga wailesi.

"Wailesi ndi ntchito yamanja?" anafunsa a Staford.

"Tidzaipanga ndi manja, ahedi."

"Munaipangapo?"

"Ayi. Koma a Petulo anaiona."

A Staford anakanda pachipumi pansi pa chipewa. "Mukufuna kumanga maphunziro a ana a eni pa mawu a Petulo? Chabwino. Koma aliyense ayambe wasema mpini umodzi, kuti woyendera sukulu akabwera ndikhale ndi chomuonetsa. Zotsalazo ndi zanu ndi Mulungu wanu."

Waya anakatola kudzala la zitsulo za mgodi, m'mota yamagetsi imene inapsa. Kudzala komweko anapeza lamya yakale ya pansi pamgodi, n'kuchotsako chomvera chake, chakuda, cholemera, chong'aluka pang'ono. Ana anachitcha khutu lachitsulo. Zina zonse anauza ana kuti abweretse kuchokera kunyumba.

Apa ndi pamene komboni inayamba kuvutika. Mwana akauzidwa ndi mphunzitsi kuti abweretse lezala, safunsa kuti lakale kapena latsopano. Pasanathe mwezi amuna a m'komboni anayamba kuoneka ngati aneneri. Mkulu wa mpingo analalikira ndi ndevu za mbali imodzi, chifukwa anasiya lezala pamwala kuti akawonjeze madzi, pobwera n'kupeza litapita kusukulu. Makanda ankakwawa matewera ali kumapazi. Ine mapini anga a m'kalasi yosoka anatha onse, ndipo nditapita kuseri kwa mphasa kukadandaula, a Kaitano anandilandira mwaulemu, anandipatsa pokhala, n'kundifunsa ngati ndinalinso ndi ena aakulupo.

Anakulungiza waya pansungwi, anakhomerera lezala pathabwa, anamangirira mtima wa pensulo kunsonga ya pini kuti uzikhudza lezalalo. Kenako anakoka waya wautali kuchokera padenga la sukulu mpaka pamtengo wa bulugamu wa kumpopi, wina n'kumangirira kuchitsulo chimene anachikhomera pansi. Zonse zitatha, a Kaitano anaika chomvera chija kukhutu, nkhope yawo n'kuwala.

"Chete! Ndikumva! Ikuti shiiii. Ana inu, imeneyi ndi nyanja ya ku Beira."

Ana anamvera nyanja ya ku Beira mmodzimmodzi, atsikana anga omwe atathawira komweko. Ena anati akumva ndi sitima zomwe. Womaliza anali Rozina, mwana wa a Yakobo obowola miyala pansi pamgodi, mtsikana wa m'kalasi mwa a Kaitano amene akabwera kwa ine ankasoka ngati akulanga nsalu. Anamvera, kenako anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nyanjayi imamvekanso m'kapu ya kwathu mukaivundikira kukhutu. Komanso waya wa khutuli simunalumikize. Akungolendewera apa."

Ine kuseri kwa mphasa ndinaluma nsalu kuti ndisamveke. A Kaitano anayang'ana wayayo nthawi yaitali, kenako anati, "Mtsikana iwe, kuyambira lero kusoka wasiya. Uzikhala kuno."

Sindinatsutse. Nsalu zanga zinapuma.

Anavutika nayo miyezi yonse yozizira mpaka kutentha kunayamba. Anazindikira kuti waya wa m'mota anali wopaka vanishi, ndipo pofuna kulumikiza pamayenera kupala kaye. Anazindikira kuti chitsulo cha pansi chimafuna dothi lonyowa, ndiye anyamata ankachithirira m'mawa uliwonse ngati mbewu, amayi opita kumpopi akuwafunsa kuti chibereka liti. Koma wailesi sinalankhule. A Kaitano anaonda kuposa kale. Mayi Eliness anandiuza kuti amuna awo akamadya ankajambula mizere ndi chala mumsuzi, chakudya n'kumazizira.

M'mawa wina a Petulo akuchokera kuntchito anasuzumira pazenera n'kuyang'ana thabwa lija.

"Lezala lanuli n'loyera bwanji? Simunaliotche?"

"Kuliotcha?"

"Ee. Mmwenye uja ankayamba waliika pamakala mpaka lichite buluu. Kodi sindinanene?"

A Kaitano anali munthu wa mpingo, sankatukwana. Anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso, n'kunena kuti, "A Petulo, lowani mukhale apa. Simuchoka mpaka mutakumbukira nkhondo yonse."

Lachisanu lotsatira, mu Okutobala wa 1951, dzuwa likuotcha malata, a Staford analowa m'kalasimo atatsimikiza kuthetsa zonse. Makolo anali atawatopetsa ndi nkhani ya malezala. Anapeza Rozina akuyendetsa nsonga ya pensulo pang'onopang'ono palezala lootcha, a Kaitano atagwira chomvera.

"Patseni kuno," anatero ahedi. "Ndimveko nanenso nyanja ya ku Beira, kenako tikaseme mipini."

Anaika chomveracho kukhutu. Rozina anasuntha pensulo pang'ono. Mwadzidzidzi a Staford anaima njo, anavula chipewa chimene ana anali asanachionepo chitachoka pamutu, n'kufuula kuti, "Yesi, bwana!"

M'chomveramo munali mzungu. Mawu ake anali aang'ono ngati a udzudzu, koma anali mawu a munthu, akuchokera ku Sozibele, likulu la dziko lino, akuuza alimi m'Chingerezi kasambitsidwe ka ng'ombe kuti zisagwidwe nkhupakupa. A Kaitano atamva okha anakhala pansi padothi, tayi ili paphewa, misozi ikutsika kunsi kwa magalasi. Ana anavina. Tiana tanga tinagwetsa mphasa zonse ziwiri pothamangira kukaona. A Staford anatuluka panja dazi likunyezimira, kukauza aliyense wodutsa kuti pasukulu yawo apanga wailesi.

Loweruka ndi Lamulungu anthu anandanda kuchokera pakhomo la kalasi mpaka kumpopi. Amuna a ndevu aja anabwera kudzaona kumene malezala awo anathera, ndipo ambiri anakhululuka. Mayi wina wa ku Musana amene ankagulitsa masamba m'komboni anatula dengu, anaomba m'manja mwaulemu n'kupereka moni m'chomveracho: "Masikati, changamire." Anadikira. Mzunguyo anangopitiriza zake. Mayiyo anabweza chomveracho atakwinya nkhope. "Haana tsika," anatero, kutanthauza kuti munthuyo sanaleredwe bwino. A Petulo anaima pakhomo tsiku lonse atavala mendulo zawo, akukumbutsa aliyense kuti nkhani ya bowa wa pansapato nayonso inali yoona.

Patapita milungu ingapo wailesi inayamba kudwala matenda odabwitsa. Lolemba lililonse inkakhala chete, Lachiwiri n'kuchira yokha. A Kaitano poyamba anaganiza kuti azungu a ku Sozibele amapuma Lolemba. Anasintha lezala, anasintha pensulo, osathandiza. Pomaliza anatuluka ndi ana kutsatira waya wautali uja, ndipo atakhota kuseri kwa sukulu anapeza wayayo atatsika mpaka kukhudza malata a bafa, atasenza mabulangete onyowa, maovololo a kumgodi ndi matewera. Amene ankayanika panthawiyo anali mayi Eliness, amake a mwana wawo Janet.

"Amayi a Janet! Uyu ndi waya wa sayansi!"

"Ndi waya, bambo a Janet. Kunyumba ndinakupemphani chingwe choyanikira chaka chatha, munati mulibe nthawi. Apa mwamanga chabwino, chachitali, pafupi ndi mpopi. Amayi tonse tikukuthokozani."

"Koma mawu amadutsa m'menemu!"

"Adutse. Ife sitikuwaletsa."

Tsiku lomwelo kalasi inamanga waya wachiwiri m'munsi, wa amayi, n'kukweza wa wailesi pamwamba poti mkono sungafike. Phunziro la tsikulo linali lofotokoza chifukwa chake waya wokhudza malata amataya mawu pansi, ndipo palibe mwana analiiwala.

Kuyambira pamenepo Lachisanu silinawakwanire. Masamu ankaphunzitsa powerengetsa ana mizere ya waya pansungwi. Chingerezi ankaphunzitsa pomasulira zimene wanena mzungu wa nkhupakupa. Anabweretsa mabatire akutha ndi dainamo ya njinga, ana n'kumazing'amba kuti aone. Zimene sankadziwa ankanena poyera kuti sakudziwa. "Tiyeni tiyese tione," ankatero, ndipo ine ndikamva mawu amenewo ndinkasunthira tiana tanga kutali ndi mphasa.

Tsiku lina anafuna kuonetsa kuti magetsi sayenda ngati njira yawo yaduka. M'lamya yakale ija munali kachipangizo kopukusa ndi dzanja, kamene kankaliza belu kutsidya. Anatiimika tonse pabwalo mozungulira, ana, ine ndi ahedi, titagwirana manja, a kumapeto awiri atagwira mawaya. Anauza mtsikana mmodzi kuti asiye dzanja la mnzake, n'kupukusa. Sitinamve kanthu. "Mwaona? Njira yaduka. Tsopano gwiranani." Anapukusanso. Bwalo lonse linadumpha kamodzi ngati ziwala. Ine ndinakuwa "Maiwe!", a Staford anatchula dzina la agogo awo a ku Ntcheu, ndipo ana anapempha kuti abwereze.

Tsiku lililonse asanaweruke ndinkamva kuseri kwa mphasa: "Ana inu, mudzakhala mainjiniya. Nenani." Ana n'kuyankha, "Tidzakhala mainjiniya!" Tiana tanga nato tinkayankha nawo, ngakhale tinkaganiza kuti injiniya ndi munthu woyendetsa sitima.

Si makolo onse anakondwa. A Yakobo, bambo ake a Rozina, anafika pasukulu m'mawa wina akuchokera kushifiti, atanyamula tochi yawo m'chipewa, ili zidutswazidutswa.

"Aphunzitsi, onani ntchito ya mwana wanu uja. Akuti amafuna aone pamene kuwala kumagona."

"Aibwezeretsa, bambo."

"Aibwezeretse kaya asaibwezeretse, chaka chino ndi chomaliza. Dona wa kwa manijala akufuna wolera mwana, ndipo ndalankhula kale. Inu mukumunamiza mwanayu. Injiniya wakuda munamuonapo kuti?"

"Sindinamuonepo."

"Nanga wamkazi?"

"Nayenso ayi."

"Ndiye?"

"Ndiye n'chifukwa chake ndikufulumira, bambo. Ndikufuna woyamba achokere m'kalasi mwanga."

A Yakobo anapukusa mutu n'kumapita. Koma a Kaitano anali ndi njira yawo. Madzulo a tsikulo anapita kwa a Yakobo kukacheza, ndipo anafika nthawi ya chakudya. Mawa lake anapitanso. Mlendo akakhala mphunzitsi sungamupatse masamba okha, ndiye mayi ake a Rozina anapha nkhuku. Munthu woonda uja ankadya modabwitsa, ndipo pakati pa nthongo ndi nthongo ya sadza, nsima ya kuno, ankafotokoza tsogolo la magetsi mu Afirika. Nkhuku yachitatu itapita, mayiwo anauza amuna awo kuti, "Mulekeni mwana aphunzire. Mukapitiriza kukana titsala ndi khola lokha." Rozina anatsalabe pasukulu.

Woyendera sukulu anabwera kumapeto kwa 1952, mzungu wamtali wofiira maondo. A Staford anayala mipini pabwalo mwadongosolo, koma mzunguyo anaidutsa osayang'ana, poti anali ataona waya. Anatsatira wayayo mpaka m'kalasi, n'kupeza mathabwa ali mbwee, lililonse ndi lezala lake, chifukwa pofika nthawiyo ana awiriawiri anali ndi wailesi yawo, ngakhale chomvera chinali chimodzi chobwerekana. Anachiika kukhutu mwaulesi. Kenako anakoka benchi la ana n'kukhala, maondo ali m'makutu. Ku Sozibele ankaulutsa masewero a kiriketi.

Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Mwana akatsokomola ankamukwezera chala. Kalasi yanga sanaione. Chimbudzi chimene tinakolopa sabata yonse sanachione. Nthawi ina anamenya thabwa ndi chibakera chifukwa cha zochitika kumaseweroko, pensulo inasuntha, mawu n'kuthawa, ndipo anayang'ana Rozina ndi maso ochonderera mpaka anamubwezeretsera.

Ponyamuka anagwira a Kaitano chanza, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri. Anati ntchitoyo ndi yanzeru kwambiri. Kenako akukwera galimoto anawonjeza, mwaubwenzi ndithu, kuti asamawadzaze ana maloto m'mitu, chifukwa palibe kampani imene ingaphunzitse mwana wakuda ntchito ya magetsi, ndipo mipini ndi imene idzawathandize. Sananene mwachipongwe. Ankanena zimene zinalipo.

Mawa lake kuseri kwa mphasa kunali chete. A Kaitano analemba masamu pabolodi n'kukhala pampando tsiku lonse. Nthawi yoweruka itakwana anangoti, "Pitani." Ana sananyamuke. Mnyamata wina dzina lake Jasper anati, "Aphunzitsi, simunatiuze chimene tidzakhale."

Kenako ndinamva mpando ukukokedwa.

"Mwaiwala kale? Mitu yanu ndi yobowoka? Nenani!"

Ananena mpaka malata ananjenjemera.

Sindinganame kuti anakhaladi mainjiniya a mapepala. M'zaka zimenezo khomo linali lotseka ndithu, ndipo anyamata ambiri anatsika kumgodi ngati abambo awo. Koma Jasper analembedwa m'gulu lokoka mawaya a lamya, ndipo anakwera mitengo yonse kuyambira ku Shamva mpaka ku Mazowe. Ena awiri ankayenda panjinga m'mapulazi a fodya kukonza mapampu ndi madainamo.

Rozina anakamaliza Sitandade 6 kumishoni ina kufupi ndi Madziwa. Atabwerako, a Kaitano anavala tayi n'kukwera naye sitima kupita ku Sozibele, kukagogoda m'masitolo a mawailesi. Kulikonse anawauza kuti wotsuka makapu ali naye kale. Anabwerako ndi njala ndi matuza kumapazi. Koma nthawi imeneyo kunali kutafika timawailesi totchipa ta batire, tozungulira ngati poto, timene anthu ankati sosipani, tolankhula Chinyanja kuchokera ku Lusaka. Aliyense m'komboni ankafuna kake, ndipo tinkafa kawirikawiri, poti ena ankatisiya padzuwa, ena pafupi ndi moto, komanso mphemvu zinkakonda kugonamo. Mgiriki wina wa sitolo m'tauni ya Bindura, atatopa ndi kutumiza mawailesi akufa ku Sozibele, anavomera kumuyesa Rozina. Anamulemba ngati wosesa. Ankasesadi pang'ono m'mawa, kenako n'kukhala kuseri kwa makatoni ndi chitsulo chootcherera mawaya. Anthu ankabwera kuchokera kutali ndi mawailesi okulunga m'nsalu, n'kunena pakauntala kuti akufuna wosesa. A Yakobo ankauza anzawo kumowa kuti nzeru zimenezo mwanayo anatengera iwo.

Mu 1958 maso a a Kaitano anafooka kwambiri, moti pabolodi ankalemba mizere yokwerana, ndipo mpingo unawapumitsa. Ku Dedza sanabwerere, anati ana awo onse ali kuno. Patsiku lotsanzikana, ophunzira awo akale anasonkherana n'kuwapatsa sosipani yatsopano. Munthu amene anaphunzitsa komboni yonse za wailesi anali asanakhalepo ndi yogula. Rozina anaiyatsa pamaso pa anthu, munamveka nyimbo ya kwathu. A Kaitano anaikumbatira ngati khanda popita kunyumba.

Sabata isanathe, mayi Eliness anafika kusitolo ya Mgiriki ndi beseni pamutu. Ine ndinali pomwepo, ndikugula ulusi. Anatula besenilo pakauntala n'kuvundukula nsalu. Munali timababu ta m'kati mwa wailesi, timasikuluwu, mawaya, ndi chigoba cha sosipani chili pachokha.

"Akuti inkalira pang'ono ngati njuchi, ndiye anafuna aithandize," anatero.

Rozina anaika manja m'chiuno n'kuyang'ana m'besenimo. "Zonse zilimo, mayi?"

"Kupatula kamodzi kamene kanagubudukira kwa nkhuku. Eni ake ali panja, akuchita manyazi kulowa."

Ndinasuzumira. Analidi pakhonde, atavala tayi, akunamizira kuwerenga chikwangwani cha sopo. Rozina anatuluka, anawagwira dzanja n'kulowa nawo kuseri kwa makatoni. Anakhala kumeneko masana onse, mphuno zili m'besenimo, ndipo ndinkamva akukangana za kamene kanadyedwa ndi nkhuku kaja, wina akuti n'kofunika, wina akuti ayi. Dzuwa likupendeka wailesi inayimba, ndipo mayi Eliness anainyamula okha pamutu popita kwawo, amuna awo ali pambuyo ndi beseni.

Kuyambira tsikulo a Kaitano ankapita kusitoloko pafupifupi tsiku lililonse. Ankakhala pakatoni ya sopo pafupi ndi Rozina, ndipo mwana aliyense wotumidwa mchere kapena machesi ankamuimitsa n'kumufunsa kuti ali Sitandade chani, ndiponso ngati akudziwa chimene chimalankhula m'wailesi. Ena ankafika kwawo mochedwa, mchere uli m'manja, ndiwo zitapsa kale. Mgiriki uja poyamba ankadandaula kuti mkuluyo akutsekereza njira. Kenako makatoni atatu ataphwanyika, anawagulira mpando.